Ndinathokoza Msanga

Pa gulu la pa foni la amayi a kutchalitchi kwathu tilipo makumi anayi ndi atatu. Analiyambitsa ndi Mayi Busa, ndipo lamulo lake ndi limodzi lokha: tsiku lililonse aliyense alembe zinthu zitatu zimene akuthokoza nazo Mulungu. Ena amalemba akangotuluka m'mapemphero a m'bandakucha, ena ali m'basi. Mayi Bang, amene ndi wamkulu kwa tonsefe, salemba zambiri, amangoponya chithunzi cha maluwa chokhala ndi vesi pansi pake. Ine ndinatha chaka ndi miyezi iwiri osadumphitsa tsiku. Ndinkathokoza kuti bondo lagona bwino, kuti mwana wanga Yerin waimba foni kuchokera ku Seoul, kuti basi yandidikira. Zothokoza zikasowa ndinkathokoza mpweya.

Ntchito yanga ndi yokanula nkhono za m'nyanja kuno ku Geoje. Nyengo yake imayamba mu Okutobala. Timaimirira m'shedi yaitali, amayi mbali iyi ndi mbali iyo ya tebulo, kampeni m'dzanja, mulu wa nkhono patsogolo. Foni ndimaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pa shelefu, chifukwa chilichonse m'menemo n'chonyowa ndi madzi amchere.

Lachiwiri limenelo, teni koloko itangodutsa, foni inayamba kulira mosalekeza. Mayi Yeo, amene amaima pambali panga ndipo phazi lawo silinapondepo m'tchalitchi, anandigunda ndi chigongono.

"Akukufuna Yesu wako. Yankha, mwina wakupezera mwamuna watsopano."

Ndinavula golovesi ndi mano. Mayi Busa anali atalemba kuti kumalo okhomera sitima za panyanja kwachitika ngozi, nsanja yagwa m'kati mwa sitima, ndipo akuti ndi mbali ya owotcherera zitsulo. Tiyeni tipemphere paliponse pamene tili.

Amuna anga, a Taegon, anali owotcherera zitsulo kumeneko. Ndinawaimbira, foni inangoitana. Ndinatuluka panja ndi epuloni yomweyo, ndikuima pafupi ndi phiri la zigoba, n'kumaimba. Ndikadula, ndiimbanso. Sindikumbuka ngati ndinapemphera. Ndikukumbuka kuti ntchentche zinali zambiri ngakhale kunali kutayamba kuzizira.

Kenako foni inalira ndi nambala yachilendo.

"Ndine."

"Bambo a Yerin! Muli kuti?"

"Ndili pansi. Ndili bwino."

"Simunavulale?"

"Ndati ndili bwino. Foni ndi ya eni ake iyi, ndiimbanso."

Anadula. Ndinakhala pa chidebe. Ndipo chinthu choyamba chimene ndinachita, ndisanaimbire ngakhale mwana wanga, chinali kulemba pa gulu. Mawu ake ndimawadziwa pamtima:

"Ali moyo! Bambo a Yerin ali moyo, alibe ngakhale kabala! Mulungu wamva mapemphero athu. Iye sataya ake. Aleluya!"

Ndinaikapo timanja topemphera titatu. Mayankho anagwa ngati matalala. Amen. Amen. Ulemerero kwa Mulungu. Wina analemba kuti misozi ikumutsika ali pa mzere kubanki. Mayi Bang anaponya maluwa achikasu.

Pakati pa mayankhowo panali la a Sunhui. A Sunhui ndi aakulu kwa ine ndi zaka zinayi, ndimawatchula achemwali. Amuna awo, a Sanggu, bambo a Dohun, anali dikoni kutchalitchi, oimba besi m'kwaya, ndipo anagwira ntchito limodzi ndi amuna anga zaka khumi ndi zisanu. Ndi iwo amene anatikokera kutchalitchi, chaka chimene Yerin anadwala impso. A Sunhui analemba kuti:

"Aleluya! Ndiye kuti bambo a Dohun nawonso ali bwino, paja awiriwa sasiyana. Foni yawo ikungoitana, mwina aisiya m'kabati."

Ndinayankha: "Inde achemwali, ali bwino basi. Musadandaule."

Panadutsa mphindi khumi ndi imodzi. Ndinaziwerenga pambuyo pake, chifukwa uthenga uliwonse umakhala ndi nthawi yake pambali. Mayi Busa anandiimbira, osati pa gulu, koma pandekha.

"Amake Yerin, musalembenso kanthu pa gulu."

"Bwanji?"

"Ndi adikoni a Sanggu. Abusa anyamuka kupita kuchipatala." Anapuma. "Adikoniwo atisiya pomwepo."

Ndinati chabwino. Ndi mawu okhawo amene anatuluka. Ndinadina uthenga wanga woyankha a Sunhui uja kuti ndiufufute, foni n'kundiuza kuti ndingaufufute m'foni yanga yokha, kwa ena utsala. Ndinausiya. Ndinabwerera m'shedi, ndikuvala golovesi, ndikutola kampeni.

"Nanga?" anafunsa Mayi Yeo.

"Anga ali moyo. Wafa ndi mnzawo."

"Ndiye ukudzatani muno? Pita kwanu, iwe."

"Ndimalize kaye mulu uwu."

Anandiyang'ana. Patapita kanthawi anayamba kutapa nkhono za pa mulu wanga n'kumakanula iwo.

Maliro anakhala masiku atatu m'chipinda cha pansi pa chipatala. Ine ndinali ndi amayi onyamula mbale: mpunga, msuzi wa ng'ombe wa tsabola, nyama ya nkhumba yodula, kupititsa ndi kubweza. Amuna anga anadzipatsa okha ntchito ya pakhomo, yokonza nsapato zimene anthu avula. Ankazindandalika ziwiriziwiri, mphuno kuloza kunja. Munthu akaponda n'kusokoneza, iwo n'kuyambiranso. Sanakhale pansi, sanapite kunyumba. Anthu a kutchalitchi akamalowa ankawasisita paphewa n'kunong'ona kuti Mulungu ali nanu cholinga, abambo. Iwo ankangowerama n'kulandira nsapato.

A Sunhui anaima pambali pa chithunzi cha amuna awo, atavala zakuda, kansalu koyera m'tsitsi, mwana wawo Dohun ali pambali pawo. Nditafika pamaso pawo ndinaika duwa loyera pa tebulo, ndikuwerama.

"Wadya?" anandifunsa.

"Ndadya, achemwali."

"Uwauzenso bambo a Yerin adye."

Ndi zokhazo zimene tinalankhulana pa maliro onse.

Gulu linakhala chete masiku anayi. Aliyense akalitsegula, chomaliza kuoneka chinali chilengezo cha maliro, ndipo pamwamba pake pang'ono, aleluya wanga. Tsiku lachisanu Mayi Bang anaponya duwa loyera ndi vesi ya m'Masalmo. Mawa lake mayi wina anathokoza kuti mdzukulu wake wamera dzino. Sabata isanathe zonse zinabwerera mwakale: kunja kwacha bwino, kabichi watsika mtengo, mutu wasiya kuwawa. Ine sindinalembe. Ndinkangowerenga.

Pa Kakao, pulogalamu ya pa foni imene timachezerapo, uthenga uliwonse umakhala ndi kanambala pambali kosonyeza anthu amene sanauwerengebe. Kamayamba pa makumi anayi ndi awiri n'kumatsika. Ndinkakayang'ana nthawi yopuma, ndikudya mpunga wanga wozizira. Tsiku lililonse kankatsika mpaka kuzimiririka. Ndiye kuti a Sunhui ankawerenga zonse.

Kuntchito amuna anga anawapatsa tchuthi. Ankakhala patsogolo pa TV atazimitsa mawu. Chimene ndawaikira, adya. Ndikapanda kuika, safunsa. Loweruka lina masana ndikuyanika zovala pakhonde, anabwera n'kuima pafupi ndi zenera, n'kutulutsa ndudu m'thumba, n'kuyatsa. Fodya anasiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, sabata imene anabatizidwa. Ndi mmene tinkanenera kwa anthu. Fungo ndinkalimva m'maovolosi mwawo zaka zonsezo, koma sindinafunsepo.

"Ndinatsika kukasuta," anatero, akuyang'ana kunja.

Ndinapitiriza kukutumula malaya.

"Ndinawauza a Sanggu, ndinati, achimwene, tandiimirirani pamalo panga pang'ono, kapitawo asaone kuti palibe munthu. Iwo malo awo anali mbali inayo. Mbali imene sinagwe." Anakoka utsi. "Ndinali ndisanafike ngakhale pakati pa ndudu."

"Mwauzako ndani?"

"Ofufuza aja ndinawauza kuti ndinapita kuchimbudzi."

Ndinapachika malaya, ndikutenga ena. Ndinkadikira kuti mumtima muchitike kanthu, koma munali ngati m'chipinda chimene anthu asamukamo.

"Mukufuna khofi?" ndinafunsa.

"Eya."

Ndinakatereka madzi.

Lolemba lotsatira Mayi Busa anabwera kunyumba ndi bokosi la zipatso. Si munthu woipa. Anali ataonda, ndipo atangokhala pansi analira kaye, n'kupukuta magalasi awo. Kenako ananena chimene anabwerera. Lamulungu la masika linali pafupi, tsiku limene mpingo wonse umathokoza za chaka chonse. Ankafuna kajambulidwe kakafupi ka vidiyo, ka mphindi zitatu, amuna anga akuchitira umboni, kuti kaonetsedwe m'tchalitchi n'kuikidwanso pa tsamba la mpingo la pa intaneti.

"Anthu afooka, amake Yerin. Amuna awo akulowabe m'sitima zomwezo m'mawa uliwonse. Akufunika kumva kuti Mulungu sanatisiye."

"Nanga achemwali?"

"Ndayamba ndawafunsa. Ati palibe vuto, chitani."

Ndinayang'ana amuna anga. Ndinkaganiza kuti akana. Iwo anali akusenda chipatso ndi mpeni, khungu lake likutsika lalitali osaduka.

"Ndinene chiyani?" anafunsa.

"Zimene Mulungu wakuchitirani basi."

"Amake Yerin alembe. Ine ndiwerenga."

Ndinalemba pa tebulo la kukhitchini. Sizinandivute, chaka ndi miyezi iwiri ya zothokoza inali itandiphunzitsa kalembedwe kake. Ndinalemba kuti m'mawa umenewo anatuluka m'nyumba ngati masiku onse. Ndinalemba kuti ali pa nsanja anamva chinachake m'kati mwawo chikuwakakamiza kuti atsike. Atawerenga mzere umenewo anaseka kamodzi, kuseka kwa m'mphuno.

"Apa ndiye sunaname," anatero.

Tinajambulira m'kachipinda ka Sande sukulu, kumbuyo kwawo kuli zithunzi za nkhosa zimene ana anapaka utoto. Anavala suti ya pa maliro ija, poti ndi yokhayo ali nayo. Koyamba mawu anali otsika kwambiri. Kachiwiri anayang'ana pepala nthawi yonse. Kachitatu Mayi Busa anati zili bwino. Dzina la a Sanggu analitchula kamodzi, kumapeto, pamene ndinalemba kuti m'bale wathu wokondedwa ali m'manja mwa Atate.

Lamulungu la masika kutsogolo kwa guwa kunadzaza maungu, mpunga ndi zipatso. Atazimitsa magetsi, nkhope ya amuna anga inaoneka pakhoma, yaikulu ngati chitseko. Anthu ankayankha amen pamzere uliwonse. A Sunhui anakhala pamalo awo a nthawi zonse, mzere wachitatu kumanzere. Ndinkaona kumbuyo kwa mutu wawo kokha. Sunagwedezeke.

Pa tsamba la mpingo kajambulidweko kanayenda kuposa ulaliki uliwonse wa abusa. Pofika Lachinayi anthu oposa zikwi zinayi anali atakaonera. Yerin anakaika pa tsamba lake n'kulemba kuti bambo anga ndi chozizwitsa choyenda ndi miyendo. Anthu osawadziwa ankalemba pansi pake. Mayi wina wa ku Incheon anafunsa kuti timapemphera pemphero lanji m'mawa, kuti nayenso aziwapempherera amuna ake. Wina anati waonera kasanu ndipo wabwerera kutchalitchi atasiya zaka khumi. Panali mmodzi amene analemba kuti: "Nanga winayo, Mulungu anali atatuluka kukagula chiyani?" Ameneyu ndinamuwerenga kangapo. Pofika madzulo anali atamufufuta.

Amuna anga sanakaonere. Kumsika anthu ankawaimitsa kuti awagwire chanza, ndiye anasiya kupita kumsika.

Tsiku la makumi awiri ndi asanu ndi limodzi chichitikire ngozi, ndili m'basi yopita kuntchito, dzina la a Sunhui linatulukira pa gulu. Analemba monga mwa lamulo, ndi manambala.

"1. Ndikuthokoza kuti nkhope yawo sinaphwanyike, Dohun anatha kuwaona bambo ake.
2. Ndikuthokoza kuti m'mawa uja anadya, anamaliza mbale yonse.
3. Chachitatu ndiganize kaye."

Kanambala kanatsika msanga, koma kwa kanthawi panalibe woyankha. Kenako wina analemba amen, ena onse n'kutsatira. Wina anati ichi ndiye chikhulupiriro cha Yobu. Wina anati achemwali, mwatichititsa manyazi ife odandaula ndi zazing'ono. Ine ndinalemba "Achemwali", n'kufufuta. Ndinalemba "Pepani", n'kufufuta. Basi itafika pamalo otsikira ndinatumiza timanja topemphera ngati wina aliyense, n'kuika foni m'pulasitiki.

Kumayambiriro kwa Disembala ndinakonza kimchi ya chaka chonse, ndiwo yathu ya kabichi wosungidwa mu mchere ndi tsabola, monga timachitira kuzizira kukamayamba. Zaka zonse tinkakonza limodzi ndi a Sunhui, tsiku lina kwathu, tsiku lina kwawo. Chaka chimenecho ndinakonza ndekha, ndi kabichi wochuluka ngati kale. Ndinadzaza chidebe chimodzi chachikulu, ndikuchikulunga m'nsalu, ndikukwera nacho basi. A Sunhui ankakhala pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri, moyang'anana ndi doko. Ndinaima pakhomo mpaka dzanja linachita dzanzi, kenako ndinaliza belu.

"Iwe, walemedwa chonchi osaimba foni? Lowa."

M'nyumba munali mwaudongo. Pansi panali maovolosi a a Sanggu atapindidwa m'milu itatu. Anatsegula chidebe, kung'amba tsamba ndi zala, kulawa.

"Wachepetsa mchere."

"Bondo limandipweteka, ndinafulumira kutsuka."

"Ndi mmene umachitira chaka chilichonse. Ndimangokuthirira wina iwe osaona."

Anandipatsa tiyi. Tinakhala pansi, tebulo laling'ono pakati pathu. Kunja makina onyamulira zitsulo ankatembenuka pang'onopang'ono pamwamba pa sitima.

"Achemwali, ndabwera ndi mawu."

"Nena."

"Bambo a Yerin sanatsike chifukwa cha zimene ananena m'kajambulidwe kaja. Zija ndinalemba ndine. Anatsika kukasuta. Anawapempha adikoni kuti awaimirire pamalo pawo."

A Sunhui anauzira tiyi ndi pakamwa, n'kumwa.

"Ndikudziwa."

"Wakuuzani ndani?"

"Ndani angandiuze? Zaka zisanu ndi zinayi bambo a Dohun akuwaimirira. Ankabwera kuno akuseka, amvekere, lero mng'ono wanga watsika katatu, mapapo amenewo asanduka chumuni. Analemba dzina lawo m'kabuku ka mapemphero, kuti asiye fodya. Atangondiuza mbali imene yagwa ndinadziwiratu. Malo a bambo a Dohun ndimawadziwa."

Ndinayang'ana tiyi wanga.

"Kajambulidwe kaja ndinakaonera kawiri," anapitiriza. "Tayi inali yokhota. Sunawakonze bwanji?"

"Sindinaone."

"Ankaoneka ngati munthu amene akuwerenga chigamulo chake."

Firiji inalira, n'kusiya.

"Ndi uthenga uja," ndinatero. "Ndinayesa kuufufuta."

"Ukanafufuta ndikanakumenya." Sanaseke. "Ndinali m'takisi nthawi imene ija. Nditawerenga yankho lako ndinamuuza woyendetsa kuti achimwene, musathamange, anthu ali bwino. Anachepetsa liwiro. Tinayamba kucheza za mwana wake amene ali ku usilikali. Ndinaganizanso zoti ndikawapeza ndiwakalipire chifukwa cha foni." Anazunguza kapu pa tebulo. "Iwo anali atapita kale. Koma ine pamsewu wonse uja ndinali ndi mwamuna. Unandipatsa ndiwe. Sindikudziwa ngati ndi chinthu chothokoza kapena ayi."

"Mundikalipire, achemwali."

"Ndikanakonda. Ndimadzuka m'mawa n'kudikira kuti mkwiyo ubwere. Kwa iwe, kwa amuna ako, kwa eni sitima, ngakhale kwa Mulungu. Sukubwera. Dohun ndi amene wakwiya, akuyenda ndi maloya. Ine ndimangomva njala nthawi ya njala, tulo nthawi ya tulo."

"Nanga pa gulu paja munalemberanji?"

"Dzanja linazolowera. Ndikadzuka limapita lokha pa foni." Anandiyang'ana. "Iwe wasiya bwanji? Anthu akufunsana. Akuti mayi amene walandira chozizwitsa ndi amene wakhala chete."

"Ndilibe cholemba."

"Kale unali nacho? Si iwe unathokoza tsiku lina kuti ndodo ya ambulera sinathyoke?"

Pamenepo tinaseka pang'ono, tonse awiri, kuseka kosafika patali. Kenako anadzuka n'kuyamba kusamutsira kimchi m'zidebe zawo, akuthira mchere pamwamba pa mzere uliwonse. Anatsuka chidebe changa, n'kuikamo nsomba zouma kuti chisabwerere chopanda kanthu.

Ndili pakhomo ndikuvala nsapato anati, "Usawauze bambo a Yerin kuti ndikudziwa."

"Chifukwa?"

"Akadziwa abwera kudzagwada pano. Ine ndilibe mphamvu zowadzutsa."

Sindinawauze. Kajambulidwe kaja kakadali pa tsamba la mpingo. Sindinapemphe kuti akachotse, ndipo palibe amene anafunsa.

Mu Januwale ndinayambiranso kulemba pa gulu. Panalibe chimene chinasintha, kungoti Mayi Busa anandifunsa kawiri ngati ndili bwino, ndipo kulemba kunali kosavuta kusiyana ndi kuyankha. Ndimalemba mpunga, madzi otentha, basi. Amen amabwera asanu ndi atatu, nthawi zina khumi. Mawu akuti Iye sataya ake sindinawalembenso. Wina akawalemba, pakakhala kuti mwana wakhoza mayeso kapena opaleshoni yayenda bwino, ndimaika timanja topemphera n'kupitiriza kukanula nkhono.

Tchuthi chitatha amuna anga anabwerera kuntchito masiku awiri okha. Tsiku lachiwiri anafika pansi pa makwerero, n'kuima, n'kuvula chipewa, n'kubwera kunyumba. Mayi Yeo anawalankhulira kwa mlamu wawo amene ali ndi boti lokolola nkhono, ndipo pano amakoka zingwe panyanja. Kutchalitchi amapitabe, amakhala kumbuyo, amatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Amasuta pakhonde, osabisa.

A Sunhui anasamuka kumapeto kwa Febuluwale, kupita ku Jinju kumene kuli mng'ono wawo. Pa gulu sanachokepo. Amalemba mwa apo ndi apo, nthawi zina chinthu chimodzi, nthawi zina ziwiri.

Tsiku losamuka tinapita kukathandiza. Kunali mphepo yozizira yochokera kunyanja. Osamutsa katundu anaimika makwerero awo a makina mpaka pa zenera la nsanjika yachisanu ndi chiwiri, mabokosi n'kumatsika. Amuna anga ananyamula chilichonse chimene anapeza, ngakhale zimene anyamata olipidwa anayenera kunyamula. Dohun sanawapatse moni. Akakumana pakhomo, amuna anga ankapatuka n'kutsamira khoma kuti adutse.

Katundu atatsala pang'ono, a Sunhui analoza firiji yosungira kimchi imene inali pakona.

"Iyi kumene ndikupita kulibe malo ake. Bambo a Yerin, itengeni."

"Ayi alamu, mugulitse."

"Ndigulitse kwa ndani lero? Yanu ija imalira ngati thirakitala, ndinaimva. Tengani, musandichedwetse."

Anawerama, n'kunena kuti zikomo. Aka kanali koyamba kuti alankhulane chichitikire maliro.

Galimoto itanyamuka, a Sunhui ali kutsogolo ndi thumba pamiyendo, tinatsala awiri pabwalo ndi firiji. Tinabwereka kalole ka mlamu wa Mayi Yeo. Titafika kwathu inakana kulowa pakhomo la kukhitchini, inatsala pang'ono ngati zala ziwiri. Amuna anga anayeza ndi tepi, anayesa chammbali, anayesa chopendeketsa. Kenako anatenga sikuludiraiva n'kuyamba kumasula chitseko.

"Gwira apa," anatero. "Usasiye mpaka ndikuuze."

Ndinagwira.